Paketi Imodzi pa Lita Imodzi

Tamanda mwana wanga,

Kalatayi ndaiika pakati pa kope lako la masamu, ndipo ndachita dala. Ndikakuyang'ana mmene umakhalira ndi kope limenelo, ukhoza kufika nayo Khirisimasi usanaipeze.

Ndikulemba masana ano ndili pakhonde, iwe wapita kukameta ndi kukatsanzikana ndi azakhali ako. Sutikesi yako ili apa, yodzaza ngati ya munthu wopita ku Joni. Mawa m'mawa bambo ako akuperekeza kumsewu kuti ukakwere basi, ukayambe Fomu 3 kusukulu yogonera komweko. Ndasangalala, ndisabise. Kumtundu kwathu palibe mtsikana amene adafikapo pamenepa. Koma pali mawu amene unalankhula dzulo tikuchapa mabulangete, ndipo sakundichoka m'khutu. Nditakufunsa za masamu unaseka, n'kuti: "Amayi, unamwino ndi mtima. Masamuwo ndidzalimbana nawo mayeso akadzayandikira." Sindinakuyankhe chifukwa bambo ako anali pafupi, ndipo zimene ndikadayankha zikadawatsegula bala. Ndiye ndikuyankha pano.

Za unamwino sindikukuletsa ayi. Udayamba kuzinena uli Sitandade 4, nthawi ija unkamanga nkhuku zanga miyendo ndi nsanza pomwe sizidathyoke. Mtima uli nawo, pamenepo palibe angakutsutse. Koma ine ndidafunsa anamwino a kuchipatala chathu, ndidafunsanso aphunzitsi ako, ndipo onse akunena chimodzi: popanda kirediti ya masamu pa mayeso a Fomu 4, kusukulu ya unamwino sukalowako. Ukalowakonso, masamuwo sathera pachipata, ukawapeza akukudikira pa jakisoni ndi pa botolo lililonse la mankhwala. Walira mvula walira matope, mwanawe. Zaka zatsala ziwiri zokha. Iwe ukuziona ngati zambiri, koma kwa ife olima kachewere kuno ku Tsangano zaka ziwiri ndi kukumba kungapo basi.

Nkhani ya Esinati ndikuidziwa, usadzidzimuke. Tsiku lokatenga malipoti, aphunzitsi a masamu adandiitanira pambali n'kunditsegulira makope awiri, lako ndi la mnzakoyo. Ntchito ya kunyumba munkakhoza yonse, masamba onse ali psuu ndi zochonga. Koma pa tsamba lina Esinati adalakwitsa, n'kukhwatcha, n'kulembanso pansi pake. Iwenso pa samu yomweyo udalemba cholakwika chomwecho, n'kukhwatcha chimodzimodzi, n'kulembanso pansi pake. Mwana iwe, kukopera mpaka zokhwatcha zomwe? Aphunzitsi adaseka, inenso ndidaseka nawo pobisa manyazi, koma pobwerera ndidadzera njira ya kudambo kuti ndisakumane ndi anthu. Sindidakukalipire. Ndikadayambira pati, pomwe khalidwe limeneli udayamwa kwa ine?

Ine ndidalekera Fomu 2, zimenezo ukudziwa. Chimene sudziwa n'chakuti sindidasiye sukulu chifukwa cha umphawi monga ndimanenera anthu akandifunsa. Adandigwetsa ndi masamu. Adayamba kundisokonekera tili Sitandade 6. Ndidajomba sabata imodzi chifukwa cha maliro, ndipo pobwerera ndidapeza manambala pabolodi atakwerana, ina pamwamba ina pansi, akuti ndi mafulakishoni. Aphunzitsi akafunsa kuti tamva, kalasi yonse inkayankha kuti eee, ine n'kumakweza mawu kuposa onse. Paja Chichewa ndi Chingerezi ndinkakhala nambala wani, ndiye wanzeru ngati ine angaimike bwanji dzanja kufunsa za theka ndi kota? Ndidanyamula chibowo chimenecho mpaka kusekondale, ndipo chilichonse chimene ankathira pamwamba chinkangodutsa ngati madzi m'dengu. Amati safunsa adadya phula. Ine ndidadya ndi njuchi zomwe.

Ndiye tamvera. Sabata yoyamba yomweyi, usanadziwe n'komwe kumene amagulitsa mandasi, ukapite kwa aphunzitsi a masamu ukawauze chilungamo. Ukanene kuti pali malo amene udasochera, ndipo ukawatchule malowo, kaya ndi za Sitandade 6. Akakuseka anzako, aleke aseke, kuseka sikutupitsa. M'kalasi ukakhale kutsogolo. Aphunzitsi akafunsa kuti mwamva, iwe usanamve, pakamwa pako pasatuluke eee. Mawu amenewo ndimadana nawo kuposa bodza lililonse, ndipo ukamafika kumapeto a kalatayi udziwa chifukwa chake. Esinati sakupita nawe, ndipo ndathokoza Mulungu. Koma a Esinati ali paliponse, ukapezako wina wamtima wabwino wokonzeka kukubwereka kope. Ukamuuze kuti akuonetse njira, yankho asunge yekha.

Chaka choyamba cha ukwati wanga bambo ako adali ku Joni, akugwira ntchito pafamu. Adandisiyira munda wa kachewere ndi sipuleya yawo yaikulu yoberekera kumsana, ndipo asanapite adandiphunzitsa kuti polimbana ndi chiwawu ndizithira zitsekero zinayi za mankhwala m'sipuleya yodzaza madzi. Ndidaloweza ngati vesi: zitsekero zinayi. Mvula itakhazikika sipuleya ija idayamba kudontha, ndiye ndidakabwereka ya a Nachisale, oyandikana nafe aja. Yawo idali yaing'ono, pafupifupi theka la yathu. Mankhwala nawo adali atatha, ndidagula botolo lina pamsika, lochokera tsidya linalo ku Mozambiki, lolembedwa Chipwitikizi. Ine osaganiza kawiri, ndidathira zitsekero zanga zinayi, n'kuwonjezerapo chachisanu, chifukwa mundawo ndinkaukonda ndipo ndinkafuna kuti bambo ako adzapeze mkazi wolimbikira. Patangopita masiku atatu masamba adali atapsa ngati padutsa moto wolusa. Ndidakhala pamzere n'kulira, kenako ndidayamba kuganizira anthu, kuti pali amene wandichita chipongwe.

Bambo ako atabwera sadandikalipire. Adatola botolo lija, n'kuliyang'ana, n'kundionetsa ndi chala. Chipwitikizi nawonso sankachidziwa, koma adati manambala alibe mtundu, mmene amalembera kuno ndi mmene amalembera ku Mozambiki. Zonse zidalembedwa poyera, mamililita akutiakuti pa malita akutiakuti a madzi. Botolo lidandiuza, koma ine ndidali ndi vesi langa m'mutu. Ndicho chifukwa ndimakwiya ndikakuona ukuloweza masamu ngati nyimbo ya kwaya madzulo a tsiku loti mawa mayeso. Choloweza chimagwira ntchito sipuleya ikakhala yomweyo. Akangokusinthira kena kake, wapsereza munda. Kuchipatala sakakupatsa odwala ofanana, Tamanda. Wina ndi bambo wonenepa ngati amalume ako, wina ndi khanda lokwana m'manja awiri, ndipo mankhwala ake ndi omwewo. Chosiyanitsa ndi samu imene udzachite iweyo.

Munda udandichenjeza, ine osamva. Tsopano ndikuuze imene ndakhala ndikuizungulira chiyambire kulemba, ndipo cholembera chayamba kundilemera.

Ukudziwa kuti udali ndi mchimwene wako Limbani, amene adamwalira iwe usanabadwe. Manda ake timakalambula limodzi chaka ndi chaka. Tidakuuza kuti adapita ndi matenda otsegula m'mimba. Si bodza, koma si zonse. Adali ndi miyezi khumi, atayamba kuimirira chogwira mpando, ndipo bambo ako adali atabwereranso ku Joni. Atayamba kutsegula m'mimba ndidathamangira kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu. Adandipatsa mapaketi a mankhwala aja a mchere ndi shuga osungunula m'madzi, n'kundifotokozera bwinobwino kuti paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo mwana akapanda kusintha ndipite naye kuchipatala. Adabwereza kawiri. Kenako adandifunsa kuti, "Mwamva, mayi?" Ine ndidati eee.

Lita ndinkaimva pakamwa pa anthu, koma kuti ndi madzi ochuluka bwanji m'ziwiya za m'nyumba mwanga, sindinkadziwa. Pambuyo panga padali amayi ena pamzere, ena oti sadapondeko m'kalasi, ndiye ine wa Fomu 2 ndifunse kuti lita n'chiyani? Nditafika kunyumba ndidayamba kuganiza ndekha, ndipo maganizo ake adali achikondi okhaokha. Ndidati mwanayu akukana kumwa, madzi ambiri sangawathe, bwanji mankhwala onse ndiwaike m'madzi ochepa kuti kangachepe kamene amweko kakhale ndi mphamvu? Paja kwathu kuno tiyi wabwino ndi wokhathamira, mankhwala abwino ndi owawa. Ndidathira paketi yonse m'kapu imodzi. Adakana poyamba, ndidamunyengerera ndi supuni mpaka adamaliza. Kenako adayamba kumwa mwaphuma, kulirira kapu, ine n'kumasangalala kuti mwana wanga wayamba kuchira. Ndidasungunulanso ina, n'kusungunulanso ina. Sindinkadziwa kuti limene likumuvutitsa ndi ludzu la mchere umene ndikumupatsa ndekha.

M'mawa wa tsiku lachitatu adayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Ndidamubereka n'kuthamanga, nsapato ndidazisiya panjira. Kuchipatala ndidapeza namwino wina wachitsikana, wamfupi, woti ukakumana naye pamsika sungamuganizire kanthu. Dzina lake sindidalifunse mpaka lero. Adamuika Limbani pasikelo, n'kulemba nambala. Adandifunsa kuti wamwa chiyani, kangati, m'madzi ochuluka bwanji. Nditatchula kapu adaima pang'ono, n'kundifunsa kukula kwake, ine ndidamuonetsa ndi manja. Ndinkadikira kuti andilalatire, ndipo mwina zikadandipepukira. Iye adangoti, "Mayi, paketi imodzi ndi ya lita imodzi. Madziwo nawonso ndi mankhwala."

Zimene adachita pambuyo pake ndizo ndikufuna uzione ndi maso anga. Adatenga kapepala n'kuyamba kuchita samu, ataimirira, mwana ali gone patsogolo pake. Adachulukitsa, n'kugawa, n'kubwerezanso kuyambira pamwamba, kenako adaitana mnzake kuti aione. Mumtima ndinkati, mwana wanga akufa, uyu ali pa masamu. Adamuika diripi, n'kuyang'ana wotchi yake, n'kumawerenga madontho, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Ndidamupempha kuti atsegule kwambiri madziwo alowe msanga. Adandiyankha osachotsa maso pa wotchi, kuti akafulumiza amupweteka mutu, akachedwetsa amutaya. Pamenepo m'pamene ndidazindikira kuti mtsikana uja akumenya nkhondo, ndipo nkhondo yake ili pa kapepala kaja. Mtima adali nawo, ndidauona, chifukwa potikweza galimoto yopita kuchipatala chachikulu adandigwira phewa, maso ake ali ofiira. Koma m'chipinda chija tonse awiri tidali ndi mtima. Ine wanga udali waukulu kuposa wake, popeza mwanayo adali wanga. Chimene adali nacho iye, ine ndilibe, ndi samu.

Limbani adamwalira tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo. Madokotala adandiuza kuti matendawo adali atamufooketsa kale, ndipo palibe adandiloza chala. Bambo ako nditawaululira atabwera, adangonena kuti Mulungu ndiye adziwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sadaitchulenso. Ndi munthu wabwino, uziwalemekeza. Koma ine nditabwerako kumaliro ndidatenga kapu ija ndi botolo la lita, n'kuyeza ndekha kuseri kwa nyumba. Makapu anayi, Tamanda. Madzi amene ankafunika adali makapu anayi, ine ndinkathira imodzi. Samu ya mwana wa Sitandade 3. Ndikadafunsa funso limodzi lokha pamzere paja, akadandionetsa botolo.

Sindikukuuza zimenezi kuti undimvere chisoni kapena kuti uzikalira kuhositelo. Ndalira zokwanira tonse awiri. Ndikukuuza chifukwa dzulo, utanena kuti unamwino ndi mtima, ndinamva mawu anga enieni akutuluka pakamwa pa mwana wanga, ndipo ndinachita mantha. Ine ndidalakwitsa pa mwana mmodzi, wangawanga. Iwe ukufuna ntchito yoti amayi azidzakupatsa ana awo m'manja tsiku ndi tsiku, osakufunsa n'komwe kuti masamu udakhoza bwanji. Adzangoona diresi loyera n'kukukhulupirira. Kadontho kamodzi ka desimali kakasuntha pa nambala, mwana wa munthu amwa mankhwala okwanira ana khumi. Pamenepo sipadzakhala Esinati woti umuyang'anire kope. Ngati sukufuna kulimbana ndi masamu, unene msanga, ntchito zabwino zilipo zambiri ndipo sindidzakukonda mochepera. Koma ngati ndi unamwino, ndiye masamu ayambe Lolemba lino, osati mayeso akadzayandikira.

Ndipo ndikudziwa kuti ungathe. Usandiuze zoti mutu wako si wa masamu, mawu amenewo ndidawanena ndisanakubereke ndipo adali ulesi wovala nsapato. Iwe amene umadziwa kuti mbewu ya madengu angati ikwana munda wa kumtunda, iwe amene udawerengera bambo ako malata a khitchini osalakwitsa ndi limodzi lomwe, ukandiuze kuti manambala amakudana? Chimene chidakuchitikira n'chomwe chidandichitikira ine: udasochera penapake, n'kuchita manyazi kubwerera. Bwerera. Tsiku lililonse, usanadye phala la m'mawa, uchite masamu asanu wekha, ngakhale Loweruka. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ukalakwitsa usang'ambe tsamba, usafufute mpaka kuboola pepala, ungokhwatcha kamodzi kuti aphunzitsi aone pamene phazi lidaterereka. Ukapeza yankho, uzilifunsa ngati n'lanzeru. Samu ikakuuza kuti khanda limwe ndowa ya mankhwala, usalembe pansi chifukwa choti kakyuleta yatero.

Zina zonse ukuzidziwa, ndipo azakhali ako akhala akukuuza lero mpaka makutu kuwawa: za anyamata, za kupemphera, za kusabwereka zovala za eni. Ine sindibwereza. Juzi yokhayo uzivala, chifuwa chako ndimachidziwa. Ukasowa kanthu uziimba, usamavutike chamumtima. Ndipo pa holide ubwere ndi kope la masamu, ndidzalione ndekha. Zochonga zokhazokha sindidzazikhulupirira. Ndikufuna ndidzaonemo zolakwa zakozako, zokhwatcha ndi dzanja lako, ndi inki yofiira ya aphunzitsi yosonyeza kuti mudakhala pansi n'kulimbana nazo.

Chomaliza ndi pempho, ndipo sindidalipemphepo kwa munthu wina aliyense. Kabuku ka kusikelo ka Limbani ndidakasunga, kali pansi m'bokosi langa la zovala. Muli kulemera kwake kwa tsiku lija, kolembedwa ndi dzanja la namwino uja. Mapaketi ndikuwakumbukira, adali atatu, masiku awiri. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kudziwa ngati mwana wolemera chotero akadapirira matenda aja ndikadathira madzi okwanira, kapena akadapitabe. Anamwino ndimakumana nawo, ena timapemphera limodzi, koma ndikatsegula pakamwa kuti ndifunse, ndimadziwa kuti angondisisita pamsana n'kunena kuti zidali za Mulungu. Amandimvera chisoni, ndipo munthu wachisoni sakuuza nambala.

Ndiye ndikudikira iwe. Si lero, si chaka chamawa, ndipo usakuyese katundu woti uzigona naye. Ukadzamaliza, atakuveka diresi loyera lija, udzabwere kuno ndi cholembera. Ndidzatulutsa kabukuko, tidzakhala pakhonde pano awiriwiri, ndipo udzandichitira samu imeneyo pang'onopang'ono, mondionetsa njira yonse. Pamene sindidzamva ndidzakuimitsa, ndidzafunsa, ngakhale kakhumi. Mwina udzandiuza kuti ngakhale samu siingathe kuyankha zonse, ndipo ukadzatero uli wodziwa, ndidzavomera. Koma usadzandinamize pofuna kunditonthoza. Yankho lililonse ndidzalilandira, bola lidzachokere kwa namwino amene ndikudziwa kuti sanena eee asanamve.

Pita bwino, mwana wanga. Ukalimbe.

Ndine mayi ako,
Nangozo